Manda ofika paphewa la a Silvesta

A Silvesta Bizeki anali munthu wamtali kuposa wina aliyense m'midzi ya kumunsi kwa Mtakataka, ndipo utaliwo ndi umene unawapezera udindo. Anzawo obadwa nawo chaka chimodzi anakula n'kufika polekezera. Iwo anangopitirira, mpaka akuluakulu a mpingo anawapempha kuti azikhala kumbuyo m'tchalitchi, chifukwa akagwada kutsogolo anthu ankayesa kuti aimirira, ndipo ena ankaimirira nawo.

Ankalima ngati wina aliyense, chimanga kumtunda ndi kandime ka mpunga kudambo. Koma chimene anatchuka nacho chinali kuima m'manda. Masano a m'mudzi mwawo ali pamalo ovuta. Pamwamba ndi mchenga wofewa, woti fisi n'kufukula osapuma n'komwe. Pansi pa mchengawo pali makande, ndipo pansi pa makandewo pali madzi, pakuti dziko lonselo n'lotsika. Mukakumba pang'ono, m'bale wanu mwamusiyira zilombo. Mukapyola, bokosi limakafikira m'thope. Akale ankangoyerekeza, ndipo ankalakwitsa uku ndi uku. Tsiku lina a Silvesta, ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, anatsikira m'dzenje kukakokolola dothi. Mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja, anaona kuti mlomo wa dzenje walingana ndendende ndi phewa lawo lamanja, pamene pansi panali pozizira bwino koma posanyowa. Anati, "Ima pomwepo, usasunthe." Kuyambira tsiku limenelo manda onse a m'mudzimo ankakumbidwa mpaka paphewa la a Silvesta.

Kayezedwe kake kanali ndi mwambo. Adzukulu akaona kuti ayandikira, ankatumiza mawu. A Silvesta ankafika mosathamanga, n'kuvula nsapato, n'kutsika, n'kuima chilili msana utatsamira khoma la dzenje. Wina ankagoneka nsungwi yowongoka mopingasa pamwamba. Phewa likatsala kunja, ankangopukusa mutu, makasu n'kubwereramo. Nsungwi ikakhala paphewa, ankanena liwu limodzi lokha: "Mwakwana." Liwu limenelo ankalitchula motsitsa, mwaulemu, ngati akuuza mlendo kuti pogona pakonzedwa.

Popeza phewalo linali la mudzi wonse, adzukulu anawaletsa kusenzerapo kanthu, kuopa kuti lingatsike. Mitengo ya denga, matumba a mpunga, ana otopa panjira ya ku Mua, zonse zinkakwera phewa lamanzere, mpaka linapendekeka ngati denga la khola lakale. Lamanja linkangokhala phee, losalala ngati la mkwatibwi. Ngakhale akazi awo, a Fainesi, pazaka zonse za ukwati wawo sanatsamiritsepo mutu mbali imeneyo. Anzawo atapita kukagwira ntchito ya fodya ku Kasungu, iwo anatsala, chifukwa tsiku loti anyamuke anapeza nkhalamba zisanu ndi ziwiri zitakhala pakhomo, zikungowayang'ana. Anamasula katundu. Sanadandaulepo za zimenezi. Ankati dziko analiona lokwanira, kungoti iwo ankaliona kuchokera pansi.

Mwa onse amene ankasamala za phewalo, panalibe woposa a Gidiyoni. Iwowa anali mkamwini wochokera ku Golomoti, amene anakhalitsa m'mudzimo mpaka abale awo anavomera kuti akadzamwalira adzaikidwe komweko, pambali pa akazi awo, a Felesita. Awiriwa anatha moyo wawo wonse akutsutsana: za mchere, za mvula, za amene anayamba kuyang'ana mnzake. A Felesita atatsala pang'ono kutsirizika anakoka amuna awo malaya n'kunena kuti, "Mukadzabwera musadzagone pamwamba ngati bwana. Musadzagonenso pansi kuti ndizichita kukuweramirani ndi msana wangawu. Tidzalingane." Kwa nthawi yoyamba a Gidiyoni sanatsutse. Manda a mayiwo anayezedwa ndi phewa la a Silvesta, ndipo a Gidiyoni anawalumbiritsa kuti awonso adzayezedwa ndi phewa lomwelo. Zaka khumi ndi chimodzi zotsatira, akakumana panjira, a Gidiyoni sankafunsa za kunyumba, koma za phewalo.

"Ladzuka bwanji?"

"Ladzuka, madala."

"Ulisunge."

Chinadzaligwetsa ndi chitseko. Unali mwezi wa July, mwera uli pakati, ndipo a Silvesta anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Anapita kwa kalipentala pa Mtakataka kukatenga chitseko cha nyumba ya mwana wawo Triza. Anachimangirira panjinga choimirira, kumbuyo kwa chishalo, poganiza kuti chogona chingakole anthu mumsewu. Atangokhota kusiya msewu wa tala, mphepo inachipeza. Njinga inanyamuka ngati bwato lokweza thanga. Amayi ogulitsa tomato amanena mpaka lero kuti sanaonepo munthu wamkulu akuthamanga chotero, miyendo ili m'mwamba, osapalasa, akupepesa aliyense amene akumudutsa. Ulendowo unathera pachulu. A Silvesta anauluka n'kukafikira pansonga penipeni pa phewa lamanja. Chitseko sichinakandike n'komwe.

Atadzuka anamva mkono ukulemera ngati wa munthu wina. Anapisa dzanja m'malaya napeza chinthu chachilendo: pamwamba pa phewa panali patatuluka chitunda cholimba, chili njo. Akachidina chinkatsika. Akachisiya chinkabwerera. Phewa lenilenilo linali litagwera m'munsi, lili lende.

Kuchipatala anawajambula, ndipo wa zamafupa anawaonetsa chithunzicho pawindo. Anati fupa silinathyoke. Fupa lopingasa lija lochoka pakhosi limamangirizidwa kuphewa ndi mitsempha yolimba ngati luzi, ndipo mitsemphayo ndi imene inaduka. Fupa linadzuka, phewa linagwa. Anawakolekera mkono m'nsalu, nawapatsa kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. "Kumeneko akhoza kukuchitani opaleshoni," anatero. "Koma ambiri a msinkhu wanu amangokhala nalo. Ululu umatha, chitunda n'chimene chimatsala."

A Silvesta anasankha kukhala nalo, ndipo kalatayo anaisomeka kudenga. Sikuti ankaopa mpeni. Chimene chinawaopsa n'choti anamva kuti ku opaleshoni munthu amamugoneka chagada n'kumutseka maso. Iwo anali ataona anthu oposa mazana atatu akugonekedwa chotero, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzuka.

Patatha masabata awiri m'mudzimo munagwa zovuta, mayi wina wokalamba. Adzukulu anakumba, anatumiza mawu, ndipo a Silvesta anatsika pamakwerero mkono uli m'nsalu. Nsungwi itabwera, onse anangoti kukamwa yasa. Phewa linali ndi nsonga ziwiri tsopano, ndipo zinkasiyana zala zitatu.

"Tiyezera pachitundapo," anatero a Goodson, mkulu wa adzukulu wa masiku ano. "Pamwamba pa munthu ndi pamwamba basi."

"Pamwamba pati?" anayankha Lovemore, mmisiri womanga nyumba, amene ankayenda ndi tepi yoyezera m'thumba ngakhale kumaliro. "Limenelo ndi fupa lothawa, achimwene. Phewa ndi ili lagwali. Mbuzi yanu ija itakwera padenga, munati khola latalika?"

"Ndiye yeza ndi tepi yakoyo, iwe wa sukulu."

"Ndiyeze chiyani? Tandiuzani kuti linali mainchesi angati lisanagwe."

Panalibe wodziwa. Zaka makumi anayi zonsezo palibe anaganizapo zoyeza choyezera. Wina anati ayesere lamanzere, ndipo anthu anaseka mpaka anachita kukumbutsana kuti ali kumanda. A Silvesta anangoima m'dzenjemo, nsungwi ikusunthidwa uku ndi uku pamwamba pawo, ndipo palibe anawafunsa maganizo. Kusiwa akwaya anali atamaliza nyimbo zonse za maliro n'kuyamba za Khirisimasi motsitsa mawu. Dzuwa litapendeka adzukulu anagwirizana kuti aliyense akumbe mbali yake, Lovemore kumutu, a Goodson kumiyendo. Mayi uja anagona motsetsereka, ndipo bokosi litafika pansi linkaoneka ngati likufuna kupitiriza ulendo.

Nkhaniyi inawapeza a Gidiyoni ali pamphasa. Anali atadwala kuyambira nthawi yokolola, matenda a m'mimba amene achipatala anawabweza nawo kunyumba. Anali atasiya kudya, atagawa kale makasu awo ndi jekete. Atamva za manda otsetserekawo anadzuka n'kukhala tsonga, naitanitsa phala ndi a Silvesta nthawi imodzi.

"Vula ndione."

A Silvesta anagwada nasegula malaya. Nkhalambayo inadina chitunda ndi chala. Chinatsika. Inachisiya. Chinabwerera. Inadinanso.

"Madala, chimapweteka chimenecho."

"Chikupweteka iwe? Ine ndinali nditakonzeka Lachiwiri lapitali. Ndinasamba, ndinalapa, ndinakhululukira ngakhale a Goodson. Lero ndikumwa phala ngati khanda chifukwa cha iwe ndi chitseko chako. Ukufuna ndikafike kwa a Felesita nditaphonya zala zitatu? Pakamwa pawo ukupakumbukira?"

"Ndikupakumbukira."

"Ndiye sindifa. Ukakonzetse phewalo. Ndidikira."

Tsiku lomwelo Edna, mwana wamkulu wa a Gidiyoni, anafika kwa a Silvesta atanyamula nkhuku. Anagwada pakhonde n'kulankhula monong'ona. "Bambo amaliza mbale ziwiri. Atukwananso mwana wanga, monga kale. Chonde, a Silvesta, za ku Lilongwe musafulumire. Chitundacho chikukukhalani." M'mawa mwake kunabwera mlongo wake ndi phava la nthochi, nati iye anamva kuti opaleshoni ya phewa imafuna munthu ayambe wanenepa. Kwa sabata yathunthu a Silvesta anali ndi chifukwa chabwino chokhalira amantha, ndipo nkhuku ija anadya. A Fainesi ankangowayang'ana akutafuna, kuyang'ana kumene a Silvesta ankakuopa kuposa mawu.

Koma m'mawa wina, popita kudimba, anadutsa kuseri kwa nyumba ya a Gidiyoni namva kubuula. Anasuzumira pawindo. Nkhalambayo inali yokha, itapinda maondo, thukuta lili kamukamu. Inkakankhira supuni ya phala m'kamwa n'kutseka pakamwa ndi dzanja kuti lisabwerere. Ikameza inkapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Dikirani, mayi. Dikirani pang'ono." Kenako inkatunganso ina.

A Silvesta sanafike kudimba. Anabwerera kunyumba, anasolola kalata ija kudenga, anaikuntha mwaye, nauza a Fainesi kuti amange katundu. A Fainesi anatulutsa chikwama pansi pa bedi. Chinali chomanga kale.

Ku Lilongwe anadikira masiku asanu ndi anayi, mapazi atatuluka kunja kwa bedi. Tsiku loyamba odwala anzawo anawalandira bwino. Tsiku lachiwiri wina anafunsa ntchito imene amagwira, iwo n'kuyankha moona. Kuyambira pamenepo, akangoimirira pafupi ndi bedi la munthu, mwini wake ankayamba kuyendetsa miyendo ndi kutsokomola mwamphamvu kuti aoneke kuti alipo.

Dokotala wake anali mayi wamfupi, dzina lake Upile, amene anachita kuwakhazika pansi kuti aone phewalo.

"Agogo, phewali mumagwira nalo ntchito yanji?"

"Limaima."

Adokotala anayang'ana a Fainesi. A Fainesi anavomera ndi mutu.

Adokotala anapitiriza. Anafotokoza kuti kugwa kotere kumasiyana. Ena mitsempha imangotamuka, ndipo nsalu yokha imakwanira. Ena imaduka pang'ono. Ya a Silvesta inaduka yonse, ndipo fupa linakwera kwambiri. Anati adzacheka pamwamba pa phewa, adzatsitsa fupalo, adzaikapo kachitsulo kokhala ndi ngowe yokola kunsi kwa fupa linzake, adzakamanga ndi timisomali, kenako adzasoka zimene zingasokeke. Kachitsuloko kadzakhala miyezi ingapo mpaka mkati mutagwirana, ndiye adzakachotsa. "Ndipo kuti tione ngati takhoza, timayerekeza ndi phewa linalo."

"Ayi!" anakuwa a Silvesta ndi a Fainesi nthawi imodzi.

"Lamanzerelo ndi labodza, adokotala," anatero a Fainesi. "Musaliyang'ane n'komwe. Mudzachite kuliphimba."

Pamenepo anayenera kufotokoza zonse: mchenga, makande, nsungwi, mawu a mayi Felesita, ndi nkhalamba imene ikumwa phala mokakamiza. Namwino anachita kutuluka panja atagwira pakamwa. Adokotala analeka kulemba, namvetsera mpaka kumapeto osaseka.

"Mainchesi ake sindikuwadziwa," anatero. "Koma fupali lili ndi malo ake pamene linachoka, ndipo pamaoneka. Ndidzalibwezera pomwepo. Kuposa apo sindingalonjeze."

"Kachitsuloko n'kokhuthala bwanji?"

Adokotala anaonetsa ndi zikhadabo ziwiri.

"Kameneko tidzachotsera," anatero a Silvesta. Kenako anatsitsa mawu. "Nanga amene mumawagonekawo, amadzuka angati?"

"Mwezi uno adzuka onse."

"Ine anga sanadzukepo ndi mmodzi yemwe."

Adokotala anaika cholembera pansi. "Ndiye inu sitikugonekani. Opaleshoni ya phewa timachita munthu atakhala chotsamira, ngati pampando wa ndalema. Tulo mugona ndithu, koma mugona chokhala."

A Silvesta analingalira. Pa anthu onse amene anawayezera manda, panalibe amene anapita chokhala.

"Chokhala ndilola."

Analowa kufiyeta Lachinayi m'mawa, atavala mkanjo wotseguka kumbuyo umene unawalekeza pamwamba pa maondo. Bedi anawakwezera kumsana monga analonjezera. Wopereka mankhwala ogonetsa anawauza kuti awerenge mpaka khumi. Iwo anakana, nati atchula mayina a anthu amene anawayezera manda, kuyambira woyamba, kuti akamva wina akuyankha adziwe kuti zavuta. Anafika pa wachitatu.

Atatsegula maso anaona nkhope ya a Fainesi.

"Mayi a Triza, kodi nanunso mwabwera kuno?"

"Kuno n'ku Lilongwe, bambo inu. Khalani chete."

"Tagwirani muone."

A Fainesi anayendetsa dzanja pamwamba pa bandeji, pang'onopang'ono, mbali imene sanaizolowere. Chitunda panalibe.

Anatuluka patatha masiku anayi, mkono uli m'nsalu, atalamulidwa kuti asanyamule ngakhale kapu kwa masabata asanu ndi limodzi. Wa mafizo anawaphunzitsa kuwerama n'kumazunguza mkono ngati mchira wa ng'ombe, ndipo anati ululu ukachepa aziyendetsa zala pakhoma, kukwera pang'ono tsiku lililonse. Atatsika minibasi pa Mtakataka sanayambe apita kwawo. Analunjika kwa a Gidiyoni, nagwada pambali pa mphasa.

Nkhalambayo inapapasa phewa ndi zala zake zouma. "Muli chitsulo."

"Chaching'ono. Adokotala ati fupa labwerera pamalo pake."

"Mwana wa ndani dokotalayo?"

"Sindinafunse."

"Ukanafunsa. Wagwira ntchito."

Inakankhira mbale ya phala kutali, inatsanzika aliyense, inagona bwinobwino manja ali pachifuwa. M'mawa mwake inadzuka ndi njala. Phala la mwezi wathunthu linali litaipatsa mphamvu zimene sinkazifuna. A Gidiyoni anakhala masabata ena asanu ndi awiri, akuchita manyazi, akupepesa aliyense wobwera kudzawazonda. "Ndachedwa, mundikhululukire. Phala lija landiposa nzeru." Koma masabata amenewo sanali oipa. Ankadya chimene afuna n'kusiya chimene sakufuna, ndipo Edna ankawatulutsa kukawothera dzuwa. Masana alionse a Silvesta ankabwera kudzayendetsa zala pakhoma la nyumba yawo, a Gidiyoni n'kumauza Edna kuti alembe ndi khala pamene zalekezera, ndipo akaona kuti sizinakwere ankakalipa kuti anthu a masiku ano ndi aulesi. Anamwalira mu October, Lolemba m'mawa, kunja kutayamba kale kutentha.

Adzukulu anakumba pambali pa manda a mayi Felesita, pafupi ndi mtengo wa bwemba. Atatumiza mawu, a Fainesi anabweza mawu awo: munthu wawo sakwera makwerero, adokotala analetsa kudzikoka ndi mkonowo. Choncho anawakhazika pampando wa m'tchalitchi n'kuwatsitsa ndi zingwe za bokosi.

"Awa ndiye oyamba kutsika ndi zingwezi ali ndi maganizo obwerera," anatero a Goodson.

A Silvesta anaima chilili, opanda nsapato, msana kukhoma. Nsungwi inagonekedwa. Inakhala paphewa ndendende, pachipsera cha opaleshoni penipeni. Lovemore anavula chipewa. A Goodson anati, "Mayi a ku Lilongwe aja ngodziwa." Onse anadikira liwu lija.

Koma a Silvesta anali atamva kanthu kuphazi. Pansi pa chidendene chawo panali msana wa muzu, ukungoyamba kuonekera m'makande, wochoka kubwemba kulunjika kumanda a mayi Felesita. Muzu umenewo ankaudziwa. Tsiku loika mayiwo unapingasa m'dzenje, adzukulu anaudula ndi nkhwangwa n'kukumba kupyola, ndipo chitsa chake chinawang'amba pakakolo ali chiimire, mpaka panatsala chipsera. Tsiku limenelo muzu unali pakakolo. Lero unali kunsi kwa phazi. Dzenje la a Gidiyoni linali loperewera zala zinayi, kapena zisanu.

Anamvetsa pang'onopang'ono. Adokotala sanalakwe, fupa linabwerera pamalo pake. Amene anatsika ndi mwini fupa. Zaka khumi ndi chimodzi zinawadya msana ndi maondo mwakachetechete ngati chiswe, ndipo phewa limene mudzi wonse unkalisamala linkatsika nawo limodzi, osasenza kanthu.

Panalibe wina amene anali atauona muzuwo. Akanangoti "Mwakwana," akanatuluka ali a Silvesta omwe aja, a phewa lachitsulo lotchuka mpaka ku Golomoti, ndipo akanaima m'manda zaka zina khumi. Anatembenuka nayang'ana khoma la dzenje, mbali imene kunagona mayi Felesita, mkono umodzi wokha kuseri kwa dothi.

"Simunakwane," anatero.

"Mwati bwanji?" anafunsa a Goodson. "Nsungwi yakhala."

"Yakhala paphewa la nkhalamba. Lovemore, tsika ndi nkhwangwa."

Anawaonetsa muzu, anawaonetsa chipsera cha pakakolo, anafotokoza zonse osabisa. Adzukulu anaweramira m'dzenje, mitu itazungulira pamwamba. A Goodson, amene analipo tsiku loika mayi Felesita, anaukumbukira muzuwo, pakuti ndi umene unawathyolera mpini.

"Ndiye ku Lilongwe munakachekedwera chiyani?" anafunsa.

"Mudzafunse a Gidiyoni. Akubwera masana ano."

Lovemore anadula muzu, anzake anakumba kupyola, a Silvesta n'kumasendeza mwendo kuchitsa kuti aone. Anachotsa dothi, anayesa, anachotsanso, mpaka chitsa chinalingana ndi chipsera. Pansi panali pozizira, posanyowa. Nsungwi itagonekedwanso inadutsa pamwamba pa phewa n'kukawakhudza chibwano.

"Mwakwana," anatero a Silvesta.

"Ndiye kuyambira lero tiziyezera chibwano?" anafunsa a Goodson.

"Chibwano nachonso chikutsika. Lovemore, tulutsa tepi yako uyeze dzenjeli, ndipo ukalembe penapake posafufutika."

Lovemore anali atadikira mawu amenewa zaka zambiri, ndipo anzake ankayembekeza kuti anyada. Koma anatulutsa tepi mwaulemu, anayeza kawiri, ndipo potchula mainchesi anatchula motsitsa. Kenako anagwira yekha chingwe cha kutsogolo pokweza mpando. Amenewo anali manda omaliza amene a Silvesta anaimamo.

Masana bokosi linafika, akwaya ali patsogolo. Linatsika ndi zingwe n'kukhala pansi phee, osapendekera kulikonse. A Silvesta anaima kumbuyo kwa khamu, kumene ankaona zonse popanda kusuzumira. Edna, popita kukaponya dothi, anapatuka n'kuima pafupi nawo, maso ali psuu.

"Alingana?"

"Alingana, mwanawe," anatero a Silvesta. "Ndachita kuyeza ndi mwendo."